Yankho Limene Ndidawamana Achimwene

Achimwene anga, amene adandilera bambo atamwalira, adandifunsa funso limodzi lokha la kusukulu pa moyo wawo wonse. Ine ndidawamana yankho.

Adali madzulo a mwezi wa Novembala, mitambo itayamba kusonkhana pamwamba pa mapiri a kuzambwe kwa Nkhotakota, kumene kuli kwathu. Ine ndidali nditabwera kutchuthi kuchokera kuntchito yanga ya ulangizi wa zaulimi, nsapato zili phuliphuli, njinga ya kuntchito nditayitsamiritsa pankhokwe. Iwo adali atakhala pachitsa kuseri kwa nyumba, lichero pamiyendo, akusankha njere. Sizidali za mpunga kapena za mawere. Zidali njere za chamba, zotuwa, zamawangamawanga ngati nthenga za nkhanga. Ankatola imodzi, kuitembenuza ndi chikhadabo, kuyang'anitsitsa pamene idagwirira kumtengo, kenaka n'kuiponya mbali ya kumanja kapena ya kumanzere ya lichero.

"Mphwanga," adatero osadzutsa mutu, "iwe udapita kusukulu ya zaulimi. Tandiuza. Njere izi zachokera mumtengo umodzi, dothi limodzi, mvula imodzi. Nanga chimachititsa n'chiyani kuti zina zimere zazimuna, zina zazikazi?"

Ndidacheuka uku ndi uku kuopa kuti wina akumva. "Achimwene, ine za chamba sindidaphunzire. Musandilowetse m'milandu yanu."

Adangogwedeza mutu n'kupitiriza kusankha. Sadandifunsenso kanthu ka kusukulu mpaka tsiku limene tidawaperekeza kumanda.

Kuti mumve kulemera kwa mawu anga aja, muyenera kudziwa kumene zidachokera nsapato zimene ndidavala tsiku limenelo. Bambo atatisiya, achimwene adalekeza sukulu ali mu Sitandade 3. Kwathu ndi kwa chinangwa. Kondowole sasowa m'mbale, koma chinangwa sichilipira fizi ya kusekondale. Mpunga wa kudambo unkathera kubweza ngongole. Ndiye iwo adatsegula kamunda kobisika m'tsinde mwa phiri, kufupi ndi malire a nkhalango yosungirako nyama, ulendo wa maola awiri kuchokera pamudzi, kuwoloka timitsinje tothira mu Bua. Zokolola ankazikulunga m'makoko a nthochi n'kumanga zolimba ndi luzi, mipukutu yake yonga chimanga chosasenda, ndipo ogula ankabwera usiku. Ndalama zimenezo ndi zimene zidandifikitsa ku Colby College, ku Chitedze, kumene ndidaphunzira ulangizi. Ine ndinkadziwa. Amayi ankadziwa. Koma pakamwa tonse tinkati fizi yachokera kumpunga.

Sindikulemba izi kuti ndikometse chamba. Ndaona anyamata a m'mudzi mwathu amene adayamba kusuta ali aang'ono, nzeru n'kubalalika, ena mpaka kuwatengera kuchipatala cha ku Zomba atawamanga manja. Achimwene eniake sankasuta, ngakhale fodya wa chingambwe, ndipo mwana wawo atamupeza nacho adamukwapula mudzi wonse udamva. Adalipiranso mtengo wake: kawiri konse munda udatenthedwa, kamodzi adakagona kundende miyezi ingapo, n'kubwerako ndi chifuwa chimene sichidawasiyenso. Komabe ine ndagwira ntchito ndi alimi zaka zoposa 30, ndipo sindidakumanepo ndi munthu wodziwa kuyang'ana mbewu ngati iwo.

Chimene chinkawavutitsa ndi ichi. Chamba sichili ngati chimanga, chimene phesi limodzi limanyamula ngayaye pamwamba ndi ndevu m'mbali. Sichili ngati maungu, amene chiluwe chachimuna ndi chachikazi zimatuluka pa tsinde limodzi loyanga. Chili ngati papaya: pali mtengo waumuna, pali mtengo waukazi. Ogula ankafuna maluwa a mtengo waukazi, omata utomoni. Waumuna umangothira mungu wake n'kuuma. Tsono munthu walima, wapalira, waponda mame maola awiri tsiku ndi tsiku, kenaka theka la munda likupezeka kuti ndi amuna okhaokha. Ndani sangafune kudziwiratu njere isanalowe m'nthaka?

Nchifukwa chake ankakhalira lichero. Poyamba ankati njere yokhala ndi kadzenje kozungulira bwino kumatako kwake ndi yaikazi, yosongoka ndi yaimuna. Chaka china adasiya zimenezo n'kuyamba kutsata mawanga. Anzawo ankati dzalani mwezi uli mumdima. Ena ankati njere ikaponyedwa ndi dzanja la munthu wamkazi imamera yaikazi. Ena ankaviika njere m'madzi n'kutaya zoyandama. Zonsezi adaziyesa. Adafika podzala mizere iwiri, wina wa njere za kumanja kwa lichero, wina wa za kumanzere, n'kuzika timitengo tosema kuti asaiwale. Dzinja litafika pakati adawerenga ndi miyala, mulu wa amuna apa, mulu wa akazi apo. Milu ija idalingana m'mizere yonse iwiri. Munthu wa Sitandade 3 adachita yekha m'tchire chimene ife ku Chitedze tinkachitcha kafukufuku, ndipo adavomereza zotsatira zake ngakhale zidamutsutsa. Tsiku limene ndidawapeza ndi lichero lija, dzanja linkangosankha mwa chizolowezi, mtima utasiya kale kukhulupirira. Ndi chifukwa chake adafunsa ine.

Kumunda kuja ndidapitako kamodzi kokha, ndili mnyamata wa kupulayimale, nditawanyamulira mkute. Udali mwezi wa Febuluwale, udzu utalemera ndi mame. Adandigwira paphewa n'kundigwaditsa pafupi ndi mtengo wina wautali, wowonda, wa masamba apatalipatali. "Yang'ana pamfundo apa." Pamene nthambi imachokera pathunthu padali timipira tobiriwira, ting'onoting'ono ngati njere za mawere, tikulendewera. "Uyu ndi tambala." Adagogoda thunthu ndi chala, ndipo m'timaluwa tina timene tidali titatseguka kale mudatuluka kafumbi kachikasu, kakunyezimira padzuwa la m'mawa, n'kuyandama kutsata mphepo. Kenaka adandionetsa mtengo wina waufupi, wa nthambi zothithikana. Pamfundo pake padali kathumba kosongoka, ndipo m'kathumbamo mudasuzumira timaubweya tiwiri toyera ngati ndevu za mphaka. "Ili ndi thadzi. Timaubweya iti ndi manja ake, likudikira fumbi lija."

Tsiku limenelo adazula atambala ambiri, koma atatu adawasiya kumapeto kwenikweni kwa munda. Ndidafunsa chifukwa chake. Adati, "Ukapha atambala onse, chaka chamawa anapiye udzawatenga kuti?"

Achimwene, yankho la funso lanu ndi ili. Theka lake ndinkalidziwa kale tsiku lija. Linalo ndalipeza muukalamba uno, m'mabuku ndi pafoni ya mdzukulu wanu.

Chimene munkachifunafuna pakhungu la njere chili m'kati mwenimweni, mmene diso silifika. M'thupi la chamoyo muli timaulusi tosaoneka popanda makina, totchedwa makromozomu, timene timasunga malangizo a mmene chamoyocho chidzakhalire. Munthu ali nawo 46. Chamba chili nawo 20, oyenda awiriawiri, magulu 10. Magulu 9 ndi ofanana mwa tambala ndi mwa thadzi. Gulu lotsiriza ndilo limalekanitsa: thadzi lili ndi X awiri, tambala ali ndi X mmodzi ndi Y mmodzi. Thadzi likamakonza dzira la njere limaikamo X nthawi zonse, poti lilibe china choti lipereke. Koma fumbi lachikasu limene mudandionetsa lija lili pawiri: theka lanyamula X, theka lanyamula Y. Kafumbi ka X kakagwera pa timaubweya toyera tija, njereyo ndi yaikazi. Kakagwera ka Y, ndi yaimuna. Mlandu umatheratu m'mawa umenewo, njere isanakhwime n'komwe, ndipo woweruza wake ndi mphepo. Khungu la njere, mawanga ake, kadzenje kaja, zonsezo zimaumbidwa ndi mtengo wa mayi, nchifukwa chake sizinena kanthu za mwana amene ali m'katimo. Milu yanu ya miyala idanena zoona: theka ndi theka, kungosiyana pang'ono chaka ndi chaka.

Ndi mmenenso zilili mwa anthu, ndipo zimenezo zidali m'buku langa la sayansi ku sekondale imene mudalipira inu. Ndikadangokhala pansi n'kunena kuti, "Achimwene, zili ngati mmene mwana amakhalira wamwamuna kapena wamkazi, mbewu ya bambo ndiyo imasankha," mukadamva msanga kuposa anzanga onse amene ndidakhala nawo m'kalasi. Sizikadatenga mphindi zisanu. Palinso kanthu kena kamene kakadakusangalatsani: mwa munthu Y ndi wamng'ono kwambiri pomuyerekeza ndi X, koma mwa chamba Y ndiye wamkulu.

Simudali nokha wosokonezeka. Ku Ulaya, kumene chamba cha luzi ankachilima kuti apote zingwe ndi kuluka matanga a zombo, alimi a ku England adakhala zaka mazanamazana akutchula mosemphanitsa. Mtengo waumuna, poti ndi wowonda ndipo umafa msanga, ankautcha fimble, liwu lochokera ku mawu otanthauza chachikazi. Waukazi, poti ndi wojintcha, ankautcha carl, kutanthauza mwamuna. Inu pamenepo simudaphonyepo. Munthu amene adatsimikiza mwa kuyesa kuti zomera zili ndi umuna ndi ukazi adali Rudolf Camerarius wa ku Tübingen, ku Germany, m'chaka cha 1694, ndipo chamba chidali pakati pa mbewu zimene adayesera. Ngakhale m'zaka za m'ma 1920 akatswiri adali akukokanabe: John Schaffner ku Ohio, ku America, ankati nyengo ndi kuwala ndizo zimalamula, pamene Hirata ku Japan ankaloza makromozomu.

Mkangano umenewo inu mudauona ndi maso m'chaka cha chilala cha 1992. Izi adandiuza ndi alamu, inu mutapita kale. Akuti mudabwerako kumunda madzulo, nsima osaikhudza, n'kunena kuti dziko latha, mathadzi ayamba kulira ngati atambala. Mitengo imene munkaidziwa bwino kuti ndi yaikazi idatulutsa timaluwa tachimuna pakati pa maluwa ake, tachikasu, tonga nthochi zing'onozing'ono. Ena adati ndi malodza. Sadali malodza ayi. Makromozomu sasintha, thadzi limakhalabe ndi X wake awiri mpaka kuuma. Koma mtengo uliwonse wa chamba uli ndi mphamvu yopanga maluwa a mitundu yonse iwiri, ndipo chimene chimatsekula khomo lina n'kutseka linzake ndi mahomoni, timithenga ta m'thupi mwake. Imodzi mwa iwo inu munkaigwiritsa ntchito osaidziwa dzina. Mukavundika mkoko wa nthochi m'dzenje n'kufunditsa masamba, mpweya umene nthochizo zimatulutsa n'kupsetsana nawo umatchedwa ethylene. Mpweya womwewo, m'kati mwa chamba, umakankhira mtengo kumaluwa achikazi, pamene homoni ina yotchedwa gibberellin imakankhira kuchimuna. Mtengo ukazunzika ndi kutentha, ludzu kapena kuthyoka, kapena usiku wake ukasokonezedwa ndi kuwala, muyeso wa mahomoni umagwedezeka, ndipo thadzi lina limatulutsa mungu wakewake. Schaffner sadaname, Hirata nayenso sadaname. Wina ankanena za chimene diso liona pamtengo, mnzakeyo za chimene njere idabadwa nacho.

Apa ndi pamene pali nkhani imene imandisowetsa tulo. Mungu wa thadzi lotere ulibe Y ngakhale mmodzi. Ukagwera pa thadzi linzake, njere zake zimakhala zazikazi zokhazokha. M'chaka cha 1982 akatswiri awiri a ku Delhi, ku India, Mohan Ram ndi Sett, adaonetsa kuti mankhwala okhala ndi siliva, amene amatseka njira ya ethylene, amachititsa mtengo waukazi kutulutsa maluwa achimuna a mungu wobereka. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, makampani a ku Netherlands adayamba kugulitsa njere zotere m'timapaketi. Chimene mudachifunafuna palichero zaka zonse zija, achimwene, chidapezeka inu mukadali ndi moyo, kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu, ndipo palibe adakuuzani. Lero amatha ngakhale kudula kachidutswa ka tsamba la mbande, kupima DNA yake, n'kudziwa ngati muli Y, mtengo usanafike m'mawondo.

Mudatisiya m'njala ya 2002, thupi litatha kale ndi chifuwa chija. Mu Febuluwale 2020 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo lolola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, ndipo padakhazikitsidwa bungwe la Cannabis Regulatory Authority lopereka ziphaso. Kusuta sikudaloledwe. Ndidamva pawailesi ndili ndekha pakhonde, misozi n'kungotsika, chifukwa mbewu imene idakupititsani kundende tsopano ankaitchula pambali pa fodya ngati chiyembekezo cha dziko. Koma mtengo wa ziphasozo adautchula m'madola, masauzande, ndalama imene munthu wolima m'tsinde mwa phiri la kwathu sangaigwire m'manja.

Mdzukulu wanu wina amagwira ntchito pa famu ina ya chiphaso. Akuti kumeneko mbewu imachokera kunja, ina amangodula nthambi za mtengo waukazi n'kuzimeretsa mizu. Tambala akaoneka ngakhale mmodzi amamuzula msangamsanga n'kumutsekera m'thumba, chifukwa mungu umauluka ndi mphepo mtunda wa makilomita. Mnyamatayu wagwira chamba dzinja ndi chilimwe, koma fumbi lachikasu lija sadalionepo likuyandama padzuwa. Nditamufunsa kuti mbewu ya chaka chamawa amaitenga kuti, adati, "Agogo, amaitanitsa."

Alimi amenewo ndilibe nawo mlandu. Malonda awo amafuna zimenezo. Chimene chikundiwawa n'chakuti atambala atatu aja, amene munkasiya kumalire, ndi amene ankasunga mbewu ya kwathu. Chaka chilichonse munkasiya amphamvu, osagwa ndi mphepo, osadwala, ndipo mphepo inkasakaniza magazi a mitengo yambiri, mbewu n'kumazolowera dothi lathu, mvula yathu ndi tizilombo tathu. Ndi mbewu ya mtundu umenewo imene anthu akunja adaitcha Malawi Gold, n'kutenga njere zake kupita nazo kwawo, kumene mpaka lero amazigulitsa ndi dzina la dziko lathu. Njere ya m'paketi, yaikazi yokhayokha, ilibe Y woti ipatsire m'badwo wotsatira. Komanso mungu wa mbewu zobwera sudziwa malire a munda. Ukadzafika m'mapiri athu, chakwathu chidzasungunuka pang'onopang'ono, monga chikutheramo chimanga cha makolo, chimene ife alangizi tidathandiza kuchitulutsa m'nkhokwe za anthu ndi pakamwa pathu pomwe.

Chaka chatha alamu, amene tsopano sayenda popanda ndodo, adandiitanitsa. Anyamata akusasula denga la nyumba yakale adapeza chipanda chanu kutsindwi, chakuda bii ndi mwaye, kukamwa kwake kotseka ndi chitsononkho. Tidakhuthulira palichero. Njere zidalimo, mawanga a nkhanga aja akuonekabe. Ndidatola imodzi n'kuifinya ndi chikhadabo. Idaphwanyika ngati chigoba cha dzira la mbalame, m'kati muli fumbi lokha. Ndidayesa ina, ndi inanso. Njere ya chamba siikhala ndi moyo zaka zambiri pamalo otentha, ndipo izi zidagona kutsindwi zaka zoposa 20. Alamu adatembenukira kukhoma. Ine ndidatsala ndi lichero pamiyendo, monga mudakhalira inu madzulo aja.

Ku Chitedze komwe ndidaphunzira kuli nkhokwe ya dziko yosungira mbewu za makolo, kumene njere amaziumitsa n'kuziika pozizira kuti zikhale zaka zambiri. Inu amene muli ndi makiyi a nkhokwe imeneyo, ndi inu amene mumasaina ziphaso, ndikupemphani ine wokalamba. M'mapiri a Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Mzimba mudakali akuluakulu ochepa amene ali ndi zipanda kutsindwi. Pitani mukakhale nawo pamphasa osawaopseza, muwafunse zimene akudziwa, muwayankhenso zimene akufunsa. Ndipo potenga njerezo musasankhe ayi. Tengani zonse, za thadzi ndi za tambala zomwe, poti palichero simungazisiyanitse.